Ayisi wa panyanja akasungunuka, njala ya mapengwini ndi anamgumi ichokera kuti?

MayiWaKuKapata:
Muli bwanji nonse, thandizeniko mwandi. Mwana wanga wamkazi ali giredi 11, wabwera ndi homuweki ya biology yokamba za madzi oundana aja a panyanja kumapeto kwa dziko, ku Arctic kumpoto ndi ku Antarctica kum'mwera, ati akuchepa ndiye nyama za kumeneko zili pa njala. Manje chandizunguza mutu ndi ichi, ayisi si madzi chabe ngati uja timaika mu kula bokosi? Mulibe chakudya mmenemo. Akasungunuka ndiye kuti dzuwa lilowa bwino, nsomba zipeza malo ambiri osambira, nanga njala ichokera kuti? Ndifuna ndimuuze zoona osati zongoganizira, apereka Lachisanu.

Aphunzitsi_Katete:
Zikomo amayi, ana ambiri m'kalasi amakodwa pomwepo. Ayisi wa panyanja sali ngati wa mufiriji ayi. Madzi amchere akamaundana mchere uja umatsalira m'timipata ting'onoting'ono mkati mwake, ndiye m'timipata timeneto ndi kunsi kwake kumamera ndere, zonga zija zoterera pamiyala mu Lutembwe, kungoti za kumeneko ndi zofiirira, chibenthu cha ayisi chikatembenuka kunsi kumaoneka kwa bulauni. Muziuona ngati dimba lozondoka, ndiwo zili kunsi.

Odya m'dimbamo ku Antarctica ndi krill, tizilombo tonga ma prawns, kutalika kwake sitipitirira masentimita 6 koma ndi tambiri kosaneneka. Nthawi yozizira, kuli mdima miyezi yathunthu ndipo m'madzi mulibe chomera, tiana ta krill timakakamira kunsi kwa ayisi kumapala ndere zija ndi kubisala. Tsono krill ameneyu amadyedwa ndi pafupifupi aliyense, anamgumi, mapengwini, ma seal (nyama za m'nyanja zonga akatumbu), nsomba, mbalame. Ayisi akachedwa kuundana kapena kusweka msanga tiana tambiri sitifika chaka chamawa, ndipo njala imakwera kuchokera pamenepo mpaka kwa namgumi.

Koma pa za dzuwa paja simunaphonye. Ku Arctic m'malo ambiri ndere zoyandama zawonjezekadi chifukwa madzi amakhala osaphimbika masiku ambiri. Vuto ndi nthawi yake. Kuli tizilombo tamafuta kwambiri totchedwa Calanus glacialis, tatikazi timadya ndere za pa ayisi kuti tiikire mazira, ana nkuswa nkukula mpaka kudzakumana ndi ndere zoyandama zimene zimabwera pambuyo. Ayisi akachoka msanga ndere zachiwirizo zimafulumira, zimatha ana asanafike podya. Ife kuno tikudziwa, mu 2024 mvula inadula mu January ndi February chimanga chili pafupi kumasula, olo itagwa ina pambuyo pake m'munda munali mutapsa kale. Tizilombo timeneto ndi chakudya cha kansomba kotchedwa polar cod, kansombako kamadyedwa ndi ma seal, ma seal ndi ndiwo ya zimbalangondo zoyera.

Manambala oti alembe: ma satellite anayamba kuyeza mu 1979. Mu September 2012 ayisi wa ku Arctic anatsika kufika masikweya kilomita pafupifupi 3.4 miliyoni, chabe theka la mmene ankakhalira mwezi umenewo m'ma 1980, malo amene anasowawo mungalowetsemo Zambia yathu kanayi.

Chadiza_boy:
Aphunzitsi afotokoza bwino, ine ndingowonjezako kuti amayi mumuuze asasakanize, zimbalangondo zoyera zili kumpoto chabe, mapengwini kum'mwera, sizikumana, akaziika mu food web imodzi, chithunzi chija chosonyeza wodya ndi wodyedwa, amudula mamakisi. Komanso ayisi si dimba lokha, ndi pogona ndi poberekera. Chimene chinandikhudza ine ndi cha 2022 ku nyanja ya Bellingshausen ku Antarctica, ma emperor penguin amaikira ndi kulera ana pa ayisi womata kugombe ndipo anawo amafunika miyezi kuti amere nthenga zosalowa madzi, manje ayisi anasweka cha mu November asanamere, pa magulu 5 amene asayansi a British Antarctic Survey ankawaona pa satellite magulu 4 anataya ana onse, kumira ndi kufa ndi kuzizira, makolo atavutika nyengo yonse yozizira atasunga dzira pamapazi. Chaka chotsatira mu February 2023 ayisi wa ku Antarctica anatsika kuposa chaka chilichonse chiyambire kuyeza. Kumpoto nakonso chimbalangondo chimagwira seal chili pa ayisi, m'madzi sichingamupeze, ndiye ku Hudson Bay ku Canada zimakhala kumtunda masiku ambiri kuposa kale zikudya mafuta a m'thupi mwawo. Sikuti zonse zikufa koma, pafupi ndi Palmer Station, malo ofufuzira a asayansi ku Antarctica, mapengwini a Adélie okonda ayisi achepa kwambiri pomwe ma gentoo osadalira ayisi achuluka.

MalumeWaKapenta_Petauke:
Ine sukulu ya zimenezi ndilibe koma kapenta ndagulitsa zaka zambiri, ndimakaoda ku Mpulungu, ndipo nkhani yanuyi ndikuimva bwino kwambiri. Krill wanuyo ndi kapenta wa kumeneko basi. Pa Tanganyika kapenta akachepa buka buka nayenso amavuta chifukwa ndiye chakudya chake, mtengo nkukwera mpaka kuno. Ndipo nyanja ija madzi apamwamba akatentha sasakanikirana bwino ndi apansi omwe ali ndi chonde, ndere zimachepa, kapenta nkusowa chodya. Koma funso langa kwa aphunzitsi, kodi ndi kutentha kokha? Kuno maboti nawo anachuluka, magetsi usiku nyanja yonse mbee. Kumeneko kulibe opha krill ameneyu?

Aphunzitsi_Katete:
Alipo amalume, zombo zikuluzikulu makamaka za ku Norway, China ndi South Korea, amapangira mafuta a omega-3 aja a m'makapusozi ndi chakudya cha nsomba zoweta. Bungwe la CCAMLR, la mayiko osamalira zamoyo za m'nyanja ya ku Antarctica, ndilo limayang'anira ndipo linaika malire a matani 620,000 pachaka kudera limene amaphako kwambiri. Poyerekeza ndi krill yense m'nyanjamo si wambiri, koma zombozo zimaunjikana malo amodzi, kufupi ndi Antarctic Peninsula ndi zilumba za South Orkney, komwenso mapengwini amasakira chakudya cha ana ndipo dera lomwelo likutentha mofulumira. Apa ine ndimaona kuti kusamala kukuchepa.

Amayi, kuti mwana asaone ngati ndi nkhani ya kutali, mumuuze za anamgumi a humpback amene amabwera kudzaberekera m'mphepete mwa Mozambique kwa aneba athuwa nthawi yathu yozizira. Kumeneko sadya kwenikweni, mkaka woyamwitsa mwana umachokera ku mafuta amene anakasunga ku Antarctica akudya krill.

MayiWaKuKapata:
Zikomo kwambiri nonse, ndamuwerengera zonse ndipo za ana a mapengwini zija wakhala chete kanthawi. Wajambula ziwiri, ya kumpoto payokha ya kum'mwera payokha monga ananenera achimwene a ku Chadiza, ndere waika pansi penipeni. Afunsa chabe kuti mivi ija iloze kuti, kwa wodya kapena wodyedwa?

Aphunzitsi_Katete:
Iloze kwa wodya amayi, kuchoka pa ndere kupita pa krill, pa krill kupita pa pengwini. Kuchoka pa krill mivi ikhale yambiri, osachepera inayi.