Ndikupempha nzeru pa kasokedwe ka zovala za judo

Akuluakulu ndi anzanga osoka zovala, ine ndine telala, ndipo mphunzitsi wina wa judo wandipatsa ntchito yosokera ophunzira ake majudogi oyera ndi abuluu oti akavale pampikisano. Malamulo a bungwe loyang'anira judo padziko lonse la IJF amafuna kuti mkono wa jekete ufike pamfundo ya dzanja, pakati pa nsalu ndi mkono wa munthu pakhale mpata wokwanira, ndipo oyang'anira amayeza zimenezi ndi chipangizo chotchedwa sokuteiki.

Vuto langa lagona pa kufupika kwa nsalu ya thonje. Jekete loyamba ndinaliyeza mosamala, koma nditalichapa kawiri mikono inathawa pamfundo, ndipo mnyamata amene analiyesa atatambasula manja, khungu linaonekera pafupifupi zala zitatu. Sindingafune kuti mwana abwezedwe pakhomo la mpikisano chifukwa cha lumo langa.

Kodi inu mumayamba mwaviika nsalu musanadule, kapena mumangowonjezera muyeso? Ngati mumawonjezera, ndi masentimita angati? Ndithandizeninso za kolala, chifukwa singano zanga zikuthyoka pamene nsalu yapindidwa kangapo.