Mbande zagona ndi mphepo ku Viphya, tizitani?

Wa nazale, Luwinga:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kasitomala wina ali ndi malo ogona alendo pachitunda chakufupi ndi Chikangawa. Akufuna dimba la miyala lokhala ndi zomera zazifupi, zothinana, zoumbika ngati mtanda wa nsima, zomwe adaziona pazithunzi za kumapiri ozizira. Ndidamudzalira zomera zotchedwa Helichrysum ndi thyme m'machubu pansi pa shedineti. Zagwira bwino, koma zatalika, tsinde laonda, masamba atalikirana. Zoyamba zomwe tidawokera kumeneko zagona pansi ndi mphepo ya mu Juni, nsonga zapserera. Zotsalazi ndizimangirire kutimitengo?

Wa nkhalango wopuma, Katoto:
Timitengo ayi, amama. Mbande yomangirira sikhwima. Ikamagwedezeka ndi mphepo ndi pomwe imasiya kuthamangira kumwamba n'kuyamba kunenepa tsinde. M'shedi mulibe mphepo, kuwala n'kochepa, ndiye zikungosololoka. Ngakhale paini sitinkapita naye kumunda tisanamukhwimitse pamtetete. Mwathira chiyani m'machubumo?

Wa nazale, Luwinga:
Dothi lakuda ndi manyowa a nkhuku, adada, komanso yureya pang'ono m'madzi othirira.

Mphunzitsi wa sayansi, Chibavi:
Pamenepo zadya kwambiri. Koma ndilongosoleko zomwe kasitomalayo adaona, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Mphepo imawomba mwamphamvu m'mwamba, koma pafupi ndi nthaka imafooka chifukwa imakhuzana ndi dothi ndi miyala. Chomera chakumalo ozizira chikakhala chachifupi chimakhala m'kampweya kodekhako. Kamphukira kakangotulukira pamwamba pa anzake, mphepo imakaumitsa, mchenga ndi tizidutswa ta ayezi n'kukapala mpaka kufa. Zikatero zam'mbali zimaphuka, nthambi n'kuchulukana, pamwamba n'kukhala posalala. Masamba akale sauluka, amawolera m'kati momwemo, amasunga chinyezi ndi kudyetsa chomeracho. Dzuwa likawala, m'kati mwa chomera chotere chotchedwa Silene acaulis, cha ku Arctic ndi kumapiri a Alps, mumatha kufunda ndi madigiri 10 kuposa mpweya wakunja.

Chomwe ndikufuna mumve ndi ichi: mphepo imameta, koma siisandutsa chomera chilichonse kukhala chotere. Maumbidwewo ali mumtundu. Yareta wa ku Andes, ku Peru, Bolivia ndi Chile, amamera pamwamba pa mamita 3,000, ndi wolimba moti munthu amaimapo osabooka, ndipo sakula kupitirira sentimita imodzi ndi theka pachaka. Zikuluzikulu za pazithunzizo zatha zaka mazanamazana. Kasitomala auzidwe zimenezi poyera, asadzati mwamunamiza.

Wokonza madimba, Mchengautuwa:
Aphunzitsi mwanena zoona, koma munthu walipira kale ndipo dimba akulifuna. Achemwali, ntchito ya mphepoyo igwireni ndi sizasi. Dulani mbande zonse zitsale masentimita 5 kapena 6, pamwamba pa mfundo yomwe ili ndi masamba, musafike pamtengo wouma. Zikaphuka tsinani nsonga ndi zala, zikaphukanso tsinaninso. Thyme amamvera msanga. Helichrysum zimatengera mtundu, wina amafuna kukwera basi, ameneyo mupatuleni akakhale kumbuyo kwa dimba. Yureya siyani lero lomwe. Dothi sakanizani ndi mchenga wakumtsinje ndi timiyala, madzi asamadikhe, ndipo muzithirira pokhapokha pamwamba pauma.

Wa maluwa, Zolozolo:
Bwanji osangokazula zenizeni ku Nyika? Kumtunda kuja ndidaonako zazifupi zothinana bwino pakati pa miyala.

Wa nkhalango wopuma, Katoto:
Zimenezo musayerekeze, achimwene. Nyika ndi paki ya boma, kuzulamo chomera popanda chilolezo ndi mlandu. Komanso kumtunda kuja n'kopitirira mamita 2,000, ku Chelinda chisanu chimayera paudzu m'mawa wa Juni ndi Julayi. Chomera chozolowera kumeneko, chokhala ndi muzu wolowa mumng'alu wa thanthwe, mukachizula muzu umaduka, chimafera m'thumba musanafike ndi ku Rumphi komwe. Zimandiwawa ndikaona anthu akuononga zinthu zomwe zatenga zaka kuti zikule.

Mphunzitsi wa sayansi, Chibavi:
Ndiwonjezere kamodzi. Ngati pabwalo panu mphepo siifika chifukwa cha mpanda, tengani kabango muzisisita nako nsonga za mbande, uku ndi uku, m'mawa ndi madzulo. Katswiri wa zomera Mordecai Jaffe adalemba mu 1973 kuti chomera chokhudzidwa kawirikawiri chimafupika ndi kulimba. Modekha, masamba asachite mabala.

Wa nazale, Luwinga:
Zikomo nonse. Mawa ndizidula, ndiyambe kuzitulutsa theka la tsiku kuti dzuwa lisaziwaule. Kasitomala ndimuimbira. Nanga zagona kale kumunda zija, ndizizule?

Wokonza madimba, Mchengautuwa:
Zomwe mizu ili moyo zisiyeni, kalani khungwa ndi chikhadabo, mukaona kubiriwira ndiye zilipo. Ziduleni chimodzimodzi, kenaka ikani mwala waukulu mbali yomwe mwera ukuchokera, kum'mwera chakum'mawa, ndi timiyala kuzungulira tsinde. Zam'machubu musawokere pano. Dikirani mvula iyambe mu Disembala, ndipo mudzadzale zitatuzitatu moyandikana kuti zidzagwirane msanga.