Shoo ya heavy metal ya mabandi asanu usiku umodzi: ndikonzekere bwanji?

Mlendo_wa_Metal:
Moni nonse. Ndagula tikiti ya shoo ya hard rock ndi heavy metal, mabandi asanu usiku umodzi, muholo yopanda mipando. Pa tikiti alemba 5 koloko madzulo. Kodi imeneyi ndi nthawi yoyambira kuimba kapena yongolowera? Ndiime pati kuti ndimve bwino koma osapondedwa? Nanga zotsekera m'makutu zomwe anthu akundiuza zija sizipha kukoma kwa nyimbo? Odziwa ndithandizeni.

WaSaundi:
Ndiyambe ndi makutu, achimwene, chifukwa mwendo ukapweteka umapola koma khutu likawonongeka lawonongekeratu. Kukula kwa phokoso amakuyeza mu dB. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za umoyo wa anthu pa ntchito, limati munthu akhoza kukhala m'phokoso la 85 dB kwa maola 8, ndipo likakwera ndi 3 dB yokha, nthawiyo imadulidwa pakati. Werengani nokha: 88 ndi maola 4, 91 maola 2, 94 ola limodzi, 97 mphindi 30, ndipo 100 ndi mphindi 15 basi. Mu 2022 WHO inatulutsa muyezo wa malo a zisangalalo wakuti phokoso lisapose 100 dB akaliyeza pa mphindi 15. Shoo za metal zimakhala chapompo, ndipo pafupi ndi masipika zimapitirira. Inu mukukamva mabandi asanu, pafupifupi maola anayi a nyimbo. Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati ubweya tomwe timalandira mawu, ndipo timaseloti tikafa sitimeranso. Kulira kwa "siii" komwe munthu amamva akafika kunyumba ndi chizindikiro chakuti timaseloto tavulala. Nthawi zambiri kumatha patapita tsiku kapena awiri, koma kwa ena kumakhazikika moyo wonse.

Zotsekera zilipo za mitundu iwiri. Zasiponji ndi zotchipa ndipo zimachepetsa phokoso kwambiri, koma zimadya mawu apamwamba kuposa apansi. N'chifukwa chake gitala ndi mbale zachitsulo za pa ng'oma zimamveka ngati zili kuseri kwa khoma, besi yokha n'kumagunda. Zinazo ndi zalabala zokhala ndi kasefa mkati, zopangira oimba. Zimatsitsa phokoso ndi 15 mpaka 20 dB pafupifupi mofanana pa mawu onse, ndiye nyimbo imamveka momwe ilili, kungoti yatsika. Gulani zimenezi. Mudzadabwa kuti gitala ikuthamanga mukumva noti iliyonse, pomwe khutu lopanda kanthu likadzaza phokoso zonse zimangosakanikirana.

Ngati muli ndi zasiponji zokha, vuto la ambiri ndi kavalidwe. Finyani siponjiyo pakati pa zala mpaka ikhale yopyapyala, yopanda makwinya. Dutsitsani dzanja lina pamwamba pa mutu, kokani khutu chamumwamba ndi chakumbuyo kuti njira yake iwongoke, lowetsani, n'kugwira ndi chala masekondi 20 mpaka 30 kuti ifufume ili mkati. Ikamaoneka theka lonse kunja ndiye kuti sikugwira ntchito. Thonje kapena tishu musavutike nazo, sizitchinga kanthu.

Za poima: yang'anani pomwe pali mikisa, makina omwe wa saundi amawongolera nawo mawu, kawirikawiri pakati pa holo chakumbuyo, potchingidwa ndi timipanda. Wa saundi amakonza mawu malinga ndi zomwe akumva iyeyo pamalo pakepo, choncho mukaima patsogolo pake pang'ono mukumva zomwe iye akufuna kuti anthu amve. Pewani m'makona ndi m'mbali mwa khoma, besi imaunjikana kumeneko n'kuphimba zonse. Kunsi kwa khonde lam'mwamba nako mawu amafika ofooka. Kutsogolo kwenikweni, pakati pa siteji, mumaona bwino koma woimba mwina simungamumve, chifukwa masipika akuluakulu ali m'mbali ndipo akuponya mawu kupitirira mutu wanu. Chomwe chimakufikani ndi ng'oma ndi maampu, zokuzira mawu a magitala za pa siteji.

Besi_Yolemera:
5 koloko yanuyo kawirikawiri ndi yotsegulira zitseko. Bandi yoyamba imakwera patapita mphindi 30 kapena ola. Ndandanda yeniyeni amaiika pa Facebook kapena Instagram ya holoyo kapena ya okonza shoo tsiku lomwelo, ndiye muione masana. Kagawidwe kake kamakhala chonchi: mabandi awiri oyamba mphindi 25 mpaka 30 iliyonse, apakati 40 mpaka 50, bandi yaikulu yomaliza 75 mpaka 90. Pakati pake pali mphindi 15 kapena 20 zochotsa zida ndi kuika zina, ndipo yomaliza isanakwere zimafika 30. Mukaphatikiza, mukhala choimirira maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Ambiri amathera mphamvu pa bandi yachiwiri, yomwe anailipirira tikiti ikamakwera iwo ali pansi kukhoma, mutu ukuwaza.

Musaweruze bandi yoyamba ndi nyimbo ziwiri zoyambirira. Masana bandi yaikulu ndi yomwe imayamba kuyesa zida ndipo imatenga nthawi yambiri. Ang'onoang'ono nthawi zina amangoyesa ngati waya aliyense akutulutsa mawu, basi, wa saundi n'kumakonza zotsalazo iwo akuimba kale. Komanso holo ikakhala isanadzaze mawu amagunda makoma ndi pansi n'kubwerera. Anthu akachuluka matupi awo amamwa phokoso lobwereralo, saundi n'kuyera. Ndipo ndondomeko ikachedwa, amene amadulidwa nyimbo ndi ang'onoang'onowo, chifukwa holo ili ndi nthawi yotsekera ndipo yomaliza siikhudzidwa. Pitani msanga mukawamve, ena mwa iwo amaimba ngati mawa kulibe.

Madzi ndi chimbudzi: musadikire kuti bandi imalize, chifukwa aliyense amathamangira komweko nthawi imodzi. Nyamukani pa nyimbo yomaliza ya bandi yomwe simukuikonda kwambiri, mubwerere anthu akutuluka, ndipo mupeza malo abwino kuposa omwe munasiya. Idyani musanalowe. Ngati mumamwa, kapu iliyonse ya mowa itsatane ndi kapu ya madzi, poti muholo yodzaza thukuta limatuluka ngakhale mutangoima.

Valani nsapato zotseka zala, za zingwe, mumange kawiri. Masilipasi ndi nsapato zazitali chidendene ayi. Foni ndi ndalama zikhale m'thumba lakutsogolo, la zipi ngati lilipo. Malamba a zisonga ndi matcheni aatali achitetezo ambiri amawakaniza pakhomo, chikwama chachikulunso chimodzimodzi, ndiye werenganitu malamulo a holoyo. Ngati tikiti ili pa foni, itsegulirenitu musanafike pamzere chifukwa netiweki imafooka anthu akachuluka. Matikiti ena kachizindikiro kake kamasinthasintha, chithunzi chongojambula sichiwerengeka pa makina. Tisheti mukaifuna gulani mutangolowa masaizi asanathe, muimangirire m'chiuno.

Mlendo_wa_Metal:
Zikomo akuluakulu. Nanga mosh pit? Ndimavala magalasi a maso, ndipo sindine wathupi lalikulu.

Mai_wa_Pit:
Palibe amene adzakukakamizeni kulowamo. Pit ndi bwalo lomwe anthu amavina mokankhana ndi kugundana. Imatseguka pakati, kuseri kwa mizere ingapo yakutsogolo, ndipo mudzaona anthu akufutukuka n'kusiya bwalo. Ngati simukufuna, sunthirani chakumbali kapena ku mikisa komwe a WaSaundi anena. Oima m'mphepete mwa bwalolo ali ndi ntchito: amene wagwera kwa iwo amamukankhira mkati mofatsa. Mukapezeka pamenepo ikani mwendo umodzi kutsogolo wina kumbuyo, mkono patsogolo pa chifuwa, ndipo musalipatse msana bwalolo.

Mitundu yake muidziwe kuti isakudzidzimutseni. Mtundu wamba ndi wokankhana ndi mapewa. Circle pit ndi kuthamanga mozungulira mbali imodzi, ndipo wothamangira kosemphana ndi anzake ndiye amagwetsa anthu. Wall of death ndi pomwe woimba amagawa khamu pawiri, pakati n'kutsala mpata, kenako mbali ziwirizo zimathamangirana nyimbo ikaphulika. Mukangoona mpata wautali ukutseguka kuyambira ku siteji, chokani nthawi yomweyo ngati simukufuna nawo, ndipo musaime pakati kuti mujambule.

Malamulo ake salembedwa koma onse amawadziwa. Wina akagwa, oyandikana naye amaima n'kumudzutsa pompo. Chigongono chikhale pansi, nkhonya ayi. Mukatola nsapato, foni kapena magalasi, kwezani m'mwamba mwini wake aone. Zakumwa ndi ndudu sizilowa. Wogwira anthu mosayenera kapena womenya dala mukamuneneze kwa achitetezo, musalimbane naye nokha. Magalasi anuwo agulireni kalamba komangira kumbuyo kwa mutu, apo ayi aikeni m'kabokosi kolimba musanalowe. Kutsogolo kulinso anthu omwe amanyamulidwa pamwamba pa mitu kupita ku siteji. Amachokera kumbuyo kwanu, ndipo nsapato yawo ndi yomwe imathyola magalasi. Mukaona achitetezo akuloza kumbuyo kwanu, kwezani manja mumupititse.

Choopsa kwenikweni si pit, chifukwa mu pit muli mpata. Choopsa ndi kupanikizana kutsogolo, pa mpanda wachitsulo. Mu 2000 ku Roskilde, Denmark, anthu 9 anafa pa kupanikizana kotereku bandi ya Pearl Jam ikuimba. Munthu amalephera kupuma ali choimirira chifukwa chifuwa chilibe pofutukukira. Zizindikiro zake ndi izi: simungathe kukweza dzanja kufika kumaso, ndipo khamu likukusunthani ngati madzi inu musanaponde. Zikatero pindani mikono patsogolo pa chifuwa ngati wankhonya kuti nthiti zipeze mpata, musalimbane ndi funde la anthu, ndipo likadutsa sunthani chopingasa, chakumbali ndi kumbuyo. Chinthu chikagwa musawerame. Ngati muli pa mpanda penipeni, kwezani dzanja muwayang'ane achitetezo, adzakukokerani kutsidya.

Ng'oma_Ziwiri:
Ndisiyane pang'ono ndi a WaSaundi. Zasefa ndi zabwino ku mikisa, koma ngati mukaima pafupi ndi masipika kwa maola anayi, 15 dB siikwana. Pa 105 dB mukachotsa 15 mwatsala ndi 90, ndipo pa muyezo womwe aperekawo 91 ndi maola awiri okha. Nyamulani mitundu yonse iwiri, zasiponji muzivala mukasendera kutsogolo. Komanso pa nthawi yosintha mabandi amaika nyimbo pa masipika mokweza ndithu, ndiye tulukani panja kapena m'khonde mphindi 10 makutu apume. Ngati patapita masiku awiri kapena atatu makutu akulirabe, kapena khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi, pitani kuchipatala msanga, vuto lachiwirili silodikira.

China chomwe sichinatchulidwe: mukangolowa, yang'anani makomo otulukira awiri osati lomwe mwalowera. Mu 2003 ku West Warwick, Rhode Island, ku America, moto wa zophulitsa za pa siteji unayatsa siponji ya m'makoma a holo ya The Station pa shoo ya bandi ya Great White, anthu 100 anafa, ndipo ambiri anathamangira khomo lomwe analowera n'kupanikizana pamenepo pomwe makomo ena analipo. Magetsi othwanima mwachangu nawo amakhalapo pa shoo zambiri za metal, ndiye amene ali ndi khunyu afunsiretu okonza shoo. Ngati mukupita ndi anzanu, gwirizanani pokumana musanalowe, malo osasuntha ngati pa tebulo la matisheti, chifukwa mkatimo foni ikalira simudzaimva.