Tigule laputopu yopepuka kapena ya bizinesi ya gulu la audit?

wa_audit: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Abwana andisiyira ntchito yosankhira gulu langa malaputopu atsopano. Athu akale ali pa Windows 10, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025, ndipo angapo sangalandire Windows 11 chifukwa alibe TPM 2.0, kachipangizo kachitetezo komwe Windows 11 imafuna. Anyamata akulirira Dell XPS 13 kapena MacBook Air, eti mapewa atopa ndi zikwama. Ine mtima uli pa ThinkPad T14 kapena HP EliteBook. Ntchito yathu mukuidziwa, sabata ino kwa kasitomala uyu, yamawa kwina, Excel ndi CaseWare, pulogalamu yathu ya audit, kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

mayi_tax: MacBook ichotseniko kaye, achimwene. CaseWare Working Papers imayenda pa Windows, ndipo Excel ya pa Mac ilibe Power Pivot, chida chosanthulira deta yochuluka. Ndi makina abwino, koma si a ntchito yanuyi.

IT_wakale: Bwana, musayeze laputopu yokha, yezani chikwama chonse. XPS 13 imalemera pafupifupi makilogalamu 1.2, T14 pafupifupi 1.4. Kusiyanaku n'kochepa. Koma XPS 13 za zaka zaposachedwapa zili ndi ma port awiri okha a USB-C, ngakhale polowetsa mahedifoni palibe. Tsono ganizirani mnyamata wanu wafika kwa kasitomala. Akauntanti akumupatsa fulashi ya USB wamba yomwe muli ma ledger. Pulojekita ya mu boardroom ikufuna HDMI. A IT a kumeneko akukana kupereka Wi-Fi kwa alendo, akungomulozera waya wa netiweki pakhoma. Zitatu zonsezi zikufuna adaputa, pomwe port imodzi yatengedwa kale ndi chaja. Kulemera komwe anakuthawa kwabwerera m'chikwama, ndipo adaputa ndi kanthu koiwalika pa desiki la eni ake. T14 ili ndi HDMI, USB wamba ndi port ya waya wa netiweki pathupi pake pomwe.

China ndi RAM, memory yomwe makina amagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu. Pa zopepukazi RAM ndi yowotcherera pa bodi, yomwe mwagula nayo ndi yomweyo mpaka makinawo adzafe. T14 Gen 5 ya 2024 ili ndi malo awiri a RAM, ndipo batire ndi kiyibodi zimasinthika ndi sikuludiraiva. Munthu akathira tiyi pa kiyibodi, mumasintha kiyibodi yokha.

Muchenjerenso ndi XPS 13 ina yomwe ili ndi purosesa ya Snapdragon. Batire lake limakhalitsa zedi, koma ndi Windows ya ARM, mtundu wa purosesa wosiyana ndi za Intel ndi AMD, ndiye ma driver ena a printer ndi ma VPN ena amakana.

junior_excel: Pepani akulu, ndiyankhuleko m'malo mwa ife onyamula zikwamazo. Inu mumakhala mu ofesi, ife timayenda nayo tsiku lonse pamodzi ndi mafayilo. Komanso sikirini si nkhani yamasewera kwa munthu woyang'ana manambala maola eyiti. Za bizinesi zambiri zimabwera ndi sikirini yozilala ukapanda kuonetsetsa poitanitsa. Nanga ThinkPad X1 Carbon bwanji? Ndi ya bizinesi, imalemera pafupifupi makilogalamu 1.1, yopepuka kuposa XPS imeneyo, ndipo HDMI ndi USB wamba zilipo.

IT_wakale: Pa sikirini wanena zoona mphwanga. Bwana, poitanitsa musalole ya 250 kapena 300 nits (muyezo wa kuwala kwa sikirini) ngati ya 400 ilipo. X1 Carbon sindikuikana, koma nayonso RAM yake ndi yowotcherera, port ya waya wa netiweki ilibe, ndipo mtengo wake uli pamwamba pa T14. Mukaisankha, tengeranitu ya RAM ya 32GB, chifukwa 16GB imadzadza msanga mukatsegula workbook yayikulu, CaseWare, Teams ndi browser nthawi imodzi.

mayi_tax: Palibe yemwe wanenapo za warranty, pomwe kwa ine mpamene pagona nkhani. Yanga ina yopyapyala inafa sikirini mkatikati mwa nyengo yopereka ma return, ndipo warranty yake inali yoti uitumize kwa okonza n'kumadikira. Ndinamalizira ntchito pa kompyuta yobwereka. Za bizinesi mumatha kuzigulira warranty ya zaka zitatu yoti wokonza abwere komwe muli, bola mufunse wogulitsayo ngati zimenezo zimachitikadi kudera kwanu, zisangothera pa pepala.

Ndipo ionetsetseni kuti ndi Windows 11 Pro. Windows 11 Home siilowa pa domain (netiweki yoyang'aniridwa ndi a IT) ya kampani, ndipo BitLocker yathunthu, yotsekera mafayilo kuti wakuba asawawerenge, ilibe. Laputopu ya auditor ikabedwa, chomwe chimapweteka si makinawo, ndi payroll ya kasitomala yomwe ili mkatimo.

wa_audit: Zikomo nonse. Nkhani ya Snapdragon ndi ya Pro zandithandiza kwambiri, chifukwa quotation imodzi yomwe ndili nayo pano yalembedwa Home. Ndikupempha T14 za 32GB, sikirini ya 400 nits, Pro, ndi warranty ya zaka zitatu. X1 Carbon ndiiika ngati njira yachiwiri, abwana akaone okha ngati bajeti ikulola. Funso lotsala ndi la numpad, mabatani a manambala a pambali pa kiyibodi, anyamata anazolowera.

IT_wakale: Za mainchesi 14 zilibe. T16 ili nayo, koma ndi yayikulu komanso yolemera, junior_excel akudandaulaninso. Agulireni numpad ya USB aliyense, port yoilowetsa ilipo.

junior_excel: Tamva bwana. Koma X1 ikabwera imodzi yokha, tonse tikudziwa desiki lomwe ikafikire.