20B mu RX-7 FD: kodi ilowa osasuntha steering rack?

MwiniFD

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanatulutse ndalama. Ndili ndi Mazda RX-7 FD ya 1993, giyabokosi yake yomwe ija ya magiya asanu, ndipo injini yake ya rotary ya marotor awiri, 13B-REW, yayamba kumwa madzi. Ndikaliza m'mawa imadzuka ndi rotor imodzi (chitsulo cha makona atatu chozungulira m'malo mwa pisitoni), inzake n'kutsatira pambuyo, kuekizozi kukutuluka utsi woyera wonunkhira motsekemera. Ndikatsegula pothira madzi injini ikadali yozizira, thovu limangobwera osaleka. Ma coolant seal, otchinga madzi kuti asalowe m'zipinda zoyakira, apita amenewo, injini iyenera kutsika basi.

Ndiye ndili mkati mowerengetsa zoimanganso, munthu wina wandiuza kuti akugulitsa 20B, injini ya marotor atatu yochokera mu Eunos Cosmo, galimoto ina ya Mazda. Maturbo onse awiri alipo, manifold alipo, kompyuta yake ilipo, mawaya okha ndi amene anadulidwa poitsitsa. Akuti inkalira bwinobwino. Kanema sanandionetse.

Sindibisa, mtima wanga uli kale kumeneko. Amene anamvapo marotor atatu akulira akundimvetsa. Koma galimotoyi ndimaikondera mmene imakhotera, si yothamangitsa pamzere wowongoka ayi, ndipo ndikayang'ana m'boneti sindikuona pamene rotor yachitatuyo ikakhale. Kodi ilowa popanda kusuntha steering rack, chitsulo chimene chiwongolero chimakhotetsera matayala? Giyabokosi yangayi igwira? Nanga kompyuta ya Cosmo ingagwire ntchito mu FD?

Sipanala

Achimwene, kulowa ilowa, anthu aiika kambirimbiri. Nkhani ndi yakuti mudula chiyani.

Tiyambe ndi tepi. Housing ya rotor imodzi ndi mamilimita 80, chimodzimodzi ya 13B yanuyo. Koma 20B sinangowonjezera rotor yokha. Ili ndi mbale yachitsulo yapakati yokhuthala kwambiri, chifukwa m'menemo muli giya yosayenda ndi bering'i yogwira eccentric shaft (shaft imene marotor amazungulitsa), yomwe pa injini imeneyi ndi ya zidutswa ziwiri zolumikiza. Zonse pamodzi injini imatalika ndi masentimita pafupifupi 16. Papepala ndi pang'ono. M'boneti ya FD ndi dziko lonse.

Mukasiya giyabokosi pomwe ili, utali wonsewo umapita kutsogolo. Sampu imafika pamene padutsa steering rack, mapule amayandikira radiyeta, intercooler imasowa malo, ndipo mukati muikweze kuti ilambalale rack, manifold imagunda boneti. Apa ndi pamene ambiri amatenga njira yachidule: kutsitsa rack ndi subframe yowotcherera. Galimoto ili pa jeke zimaoneka zabwino ndithu. Vuto limaonekera pamsewu. Tie rod ndi lower arm zinapangidwa kuti ziziyenda limodzi tayala likamakwera ndi kutsika. Rack ikatsika, tie rod imayamba kuyenda njira yakeyake, ndiye tayala likaponda bampu limadzikhotetsa lokha chiwongolero chili chilili m'manja mwanu. Ndiyo bump steer imeneyo. Ndinayendetsapo FD yotere. Pamsewu wosalala simungadziwe kanthu, koma pakona yokhala ndi kachigamba ka phula mphuno inangotsetsereka kupita kunja ngati wina wakoka chiwongolero, n'kubwereranso yokha. Zida zokweza ndi kutsitsa tie rod end zimachepetsa vutolo, koma pamafunika munthu wakuti achotse sipuling'i, akweze tayala pang'onopang'ono akuyeza toe, kuloza kwa tayala mkati kapena kunja, pa msinkhu uliwonse. Ambiri sachita zimenezo, amangomanga n'kupita ku alayimenti.

Njira ina ndi yobweza injini m'mbuyo, rack n'kuisiya pamene Mazda anaiika. Kwa munthu amene mwanena kuti mumakondera kakhotedwe, ine ndingakuuzeni imeneyi, koma mudziwiretu ntchito yake. Firewall, khoma la pakati pa injini ndi okwera, idulidwa n'kuwotchereredwanso, bokosi la hita kuseri kwa dashibodi lisowa malo, ndodo ya magiya ibwera m'mbuyo, propshaft ifupikitsidwa. Ndiye FD ili ndi chitsulo chija cholumikiza giyabokosi ndi difu, PPF, nachonso chifupikitsidwe kapena muchichotse n'kupangira giyabokosi ndi difu zogwirira zawozawo. Phindu lake ndi lakuti kulemera kowonjezerako kumakhala kumbuyo kwa mzere wa matayala akutsogolo, ndipo 50:50 ija, kulemera kofanana kutsogolo ndi kumbuyo, imene FD imatchuka nayo simuitaya kwambiri.

Giyabokosi imanga, mabawuti a bellhousing amagwirizana. Chimene mukumbukire ndi chakuti Cosmo yonse, kuyambira 1990 mpaka 1996, inatuluka ya automatic yokha, choncho injiniyo ibwera ndi flexplate, mbale yopyapyala ya automatic, osati flywheel yogwira kilatchi. Kuseri kwa flexplate kuli counterweight, chitsulo cholinganiza kulemera kuti injini isanjenjemere. Imeneyo musataye, musasinthanitse ndi ya 13B, chifukwa inalinganizidwa ndi marotor atatuwo. Mumagula flywheel yomangira pa counterweight ya automatic, n'kuika kilatchi yolimba ya mtundu wokoka ngati mmene FD ilili. Ngati wogulitsayo anachotsa counterweight, mtengo utsike pomwepo.

Mawaya

Za kompyuta ndiyankhe ine. Ya Cosmo iiwaleni. Inapangidwa kuti izilankhulana ndi giyabokosi ya automatic ndi zinthu zina za m'galimoto imene inu mulibe, kuwonjezera apo mwati mawaya anadulidwa. Mutha miyezi mukutsatira waya umodziumodzi kuti pamapeto mukhale ndi kompyuta yosatchunika.

Pezani ya standalone, yodziimira payokha komanso yotchunika, kaya Haltech, Link kapena MoTeC, koma musanagule werengani ma output. Marotor atatu ndi mapulagi 6, leading atatu ndi trailing atatu (rotor iliyonse ili ndi awiri, leading pansi, trailing pamwamba), ndipo pulagi iliyonse ifuna koyilo yake. Pa 13B ma leading awiri amatha kugawana koyilo imodzi chifukwa marotor amatalikirana madigiri 180. Pa 20B ndi madigiri 120, kugawanako sikutheka. Ma injector nawo ndi 6, primary ndi secondary. Makompyuta ang'onoang'ono ambiri amathera pa marotor awiri.

Ziwiri zimene anthu amaiwala. Choyamba ndi pampu yothira oyilo pa ma apex seal, ma seal a pa nsonga zitatu za rotor. Ndi yamagetsi, imalamulidwa ndi kompyuta, ndiye yatsopanoyo iziyendetsa, apo ayi muzithira oyilo wa two-stroke m'thanki nthawi iliyonse mukamwetsa petulo, osaphonya. Chachiwiri ndi geji ya rpm. Ikalandira ma pulse atatu pamene imayembekezera awiri, injini ili pa 3,000 singano iloza 4,500. Zimakonzedwa m'kompyuta momwemo, koma tsiku loyamba zimaopsa.

Maturbo awiri a sequential aja, olowa ntchito motsatizana, ndi timapaipi tawo ta vacuum ndi ma solenoid osawerengeka, inu a FD mukuwadziwa kale mavuto ake. Ine ndingaike turbo imodzi. Malonso amapezeka.

WaBridgeport

Ine ndibwera ndi madzi ozizira, mundikhululukire.

20B-REW ya Cosmo inalembedwa 280 PS. FD ya 1999 kupita m'tsogolo, ya marotor awiri omwewa, inalembedwanso 280 PS. Inde, nthawi imeneyo makampani a ku Japan anagwirizana zosalemba nambala yoposa pamenepo, koma mfundo ndi yakuti 20B yosakhudzidwa sikupatsani mphamvu imene 13B-REW yomangidwa bwino singafikepo. Yanuyo inatuluka ndi 255 PS, ndipo ndi maporti okuzidwa pang'ono, turbo imodzi, mafuta okwanira ndi wotchuna wodziwa ntchito, imapitirira 280 osatuluka thukuta.

Chimene 20B ili nacho chenicheni ndi torque yapansi. Ndi 1,962 cc poyerekeza ndi 1,308 cc, ndipo imapereka 402 Nm pa 3,000 rpm pamene yanu imapereka 294 Nm pa 5,000. Kusiyana kumeneko kumamveka kumsana ukangoponda, sindikana. Koma torque yomweyo ndi imene imadya giyabokosi ndi difu mukayamba kukweza boost, presha ya turbo, ndipo mudzakweza, palibe amene amavutika chonsechi kuti akhale pa 280.

Chinanso, injini imene mukuuzidwayo yaposa zaka 25 ngakhale itakhala ya chaka chomaliza. Mawu akuti inkalira sakutanthauza kanthu. Muiwerengere ngati yofunika kumasula, ndiye ma seal onse mugula a marotor atatu m'malo mwa awiri. Ma apex seal, ma side seal ndi zina zotero zimapezeka chifukwa n'zofanana ndi za 13B. Koma shaft ija ndi mbale yokhuthala ija ndi za 20B yokha. Mukapeza mbaleyo yadyeka mumzere wa coolant seal, kapena shaft yapindika, mudzasaka mpaka kutopa ndipo amene ali nayo akudziwa kuti mulibe kolowera.

Kutenthanso. FD imavutika kale ndi kutentha ili ndi marotor awiri, n'chifukwa chake yanu yafika pamenepa. Rotary imazizira ndi madzi komanso oyilo, chifukwa oyilo ndi amene amazungulira mkati mwa rotor. Rotor yachitatu ikutanthauza radiyeta yaikulu, ma oil cooler awiri, ndi zotchinga zokakamiza mphepo kudutsa mu radiyeta osati kuilambalala, zonsezi m'malo amene injini yatenga kale. Pampu ya petulo ndi mapaipi ake nazonso zikwere. Rotary ikangoperewera mafuta kamphindi kamodzi ili pa boost, apex seal imathyoka, chidutswa n'kukanda housing, n'kukamaliza turbo potuluka.

Ndikanakhala ine ndikanamanga 13B, ndalama yotsala n'kuika ku mashoko, mabuleki ndi matayala.

MwiniFD

Zikomo nonse, ngakhale a WaBridgeport mwandiwawitsa mtima. Manambala anu sindikutsutsa. Koma kunena zoona sindikusaka nambala. Mazda anapanga galimoto ya pamsewu ya marotor atatu kamodzi kokha, n'kuiika m'galimoto yolemera ya automatic. Ndimangofuna kumva injini imeneyo ili m'thupi lopepuka, ndi kilatchi kuphazi. Ya marotor anayi ngati R26B ya mu 787B, galimoto ya mpikisano ya Mazda imene inapambana ku Le Mans mu 1991, sindingaifikire, atatuwa ndiye ali pafupi.

Madzulo ano ndinagona pansi pa galimoto ndi tochi ndi tepi. Zimene mwanena a Sipanala ndaziona ndi maso. Pakati pa sampu ndi rack pakungolowa zala, ndipo ndikayerekeza masentimita 16 kuchokera pa pule yakutsogolo ndikufika m'mafani. Rack sindisuntha, pamenepo ndatsimikiza. Ngati ndi kudula, ndidula firewall. Hita ndingathe kukhala opanda.

Funso latsala ndi la injiniyo. Ili pansi pa thayala lakale, ilibe giyabokosi, ilibe sitata. Ndingaiyeze bwanji ndisanapereke ndalama?

Sipanala

Musagule mbereko mwana asanabadwe, achimwene. Flywheel, kompyuta, turbo, zonsezo zidikire. Firewall musaikhudze mpaka injini itamasulidwa pa tebulo lanu.

Popita kumeneko tengani soketi yaikulu ya bawuti ya pule ndi chogwirira chachitali, sipanala ya mapulagi, tochi, kamtengo kosalala, ndi pampu yoyezera presha ya radiyeta.

Yambani ndi mapulagi. Achotseni onse 6 n'kuwayala motsatana mmene analili. Ya dzimbiri kapena yoyera mwachilendo kusiyana ndi anzake ikukuuzani kuti m'chipinda chimenecho munalowa madzi. Kenako bwezerani ma leading, mabowo a trailing akhale otsegula, muzungulitse injini ndi dzanja. Shaft ikazungulira katatu rotor imazungulira kamodzi, ndiye pa maulendo atatuwo bowo lililonse lipume katatu, mofanana mphamvu. Ikani chala pabowo mumve. Kupuma kumodzi kwamphamvu ndi kuwiri kofooka ndi apex seal imeneyo, chifukwa seal imodzi imatseka zipinda ziwiri. Kufooka kumodzi kokha kawirikawiri ndi side seal.

Mukatero mupempheni achotse maturbo ndi manifold ya ekizozi. Akakana, nyamukani. Pa 20B mabowo a ekizozi ali pa housing penipeni, osati m'mbali ngati pa Renesis ya RX-8, ndiye mukawalitsa tochi mumaona apex seal iliyonse ikudutsa. Zungulitsani pang'onopang'ono, iliyonse ikafika pabowo muikanikize ndi kamtengo kaja. Ilowe n'kubwerera yokha. Yomatirira ndi kaboni imatha kumasuka, yothetheka nsonga kapena yosowa chidutswa ndiye kuti housing nayonso yakandika. Zonse zilipo 9, muwerenge, musadumphe ya rotor yapakati chifukwa chakuti bowo lake ndi lovuta kusuzumira.

Chomaliza ndi madzi. Tsekani mapaipi onse a madzi, thirani madzi, pompani kufika pafupi ndi bar imodzi, n'kusiya. Singano ikamatsika pamene kunja sikukudontha, zungulitsani injini muone ngati madzi akutuluka pa mabowo a mapulagi. Akatuluka, ndiye kuti matenda ake ndi omwewo a injini imene muli nayo kale.

Compression yeniyeni imafuna sitata, injini yotentha, ndi makina oyezera rotary amene amapereka nambala ya mbali iliyonse ya rotor n'kuiwerengera pa 250 rpm. Pansi pamenepo simungaipeze, pokhapokha mutanyamula bellhousing ndi sitata n'kumangirira, ndipo ngakhale apo nambala ya injini yozizira imanama. Gwiritsani ntchito kuyerekeza marotor atatuwo okhaokha.

Mawaya

Muonenso ngati crank angle sensor ndi pampu ya oyilo ija zilipo, komanso mapulagi a mawaya pa ma injector ndi pa throttle asakhale ophwanyika. Odula mawaya ambiri amadula pafupi kwambiri ndi pulagi. Mujambule mbali zonse, makamaka kumbuyo kuli counterweight, mutiikire pano tione musanalipire.