Timatabwa ta Cutty Sark tikuthyokera kumutu, ndithandizeni

Kalipentala wa ku Kalingalinga: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndili ndi ntchito yandiimitsa mutu. Bwana wina amene ndinamupangira mashelefu a mu ofesi wandipatsa oda ya chombo chaching'ono chathabwa choika patebulo. Akufuna Cutty Sark, chija chamatanga chili ku Greenwich ku London, ndipo mapulani anabwera nawo yekha. Thupi la chombo chenichenicho ndi pafupifupi mamita 65 m'litali ndi mamita 11 m'lifupi, ndiye ndatenga sikelo ya 1:100 kuti masamu asandivute, masentimita 65 ndi 11. Msana ndi nthiti ndadula pa pulayiwudi wa mamilimita 4, zaima bwino. Vuto lili pokuta thupi. Ndacheka timatabwa ta mukwa, mamilimita 5 m'lifupi, 2 kuchindikala. Pakati pa chombo tikugona bwinobwino, koma ndikafika kumutu kumene chimasongoka, kathabwa kamakana, kamadzuka mbali imodzi, ndikakakamiza kamangoti thyo. Tomwe tagwira tasiya mipata yolowa chikhadabo. Ndinaviika m'madzi usiku wonse koma palibe chasintha.

Mdala wa ku Matero: Mwana wanga, tumiza chithunzi cha nthiti zakumutuzo usanaikepo kathabwa. Ujambule uli pamwamba, osati pambali.

Kalipentala wa ku Kalingalinga: Ndatumiza, a mdala.

Mdala wa ku Matero: Ndaona. M'mphepete mwa nthiti zako muli momwe sowo inasiyira, makona ali chiimire. Pakati pa chombo zimenezo sizivuta chifukwa kathabwa kamadutsa mowongoka. Kumutu kamafika chopendekera, ndiye kakungokhudza kona imodzi ya nthiti, pansi pake pali mphako. Guluu agwira chiyani pamenepo? Ndipo pakonapo ndi pomwe kakuthyokera, yang'ana bwino tomwe tathyoka uone ngati ndikunama. Chotsa tonse waika kumutuko. Mata sandipepa pa kathabwa kofewa kotalika ngati chikhatho ndi theka, uzipala nthiti zitatu kapena zinayi nthawi imodzi, motsata mmene thupi likukhotera. Ukapala iliyonse payokha upanga mabampu. Ukamapala uziyesa ndi kathabwa kopyapyala. Kagone pa nthiti iliyonse ndi nkhope yonse, popanda kuwala kodutsa pansi. Mpata wapakati pa nthiti yoyamba ndi mutu weniweni udzazemo chidutswa cha paini, uchiseme chifanane ndi thupi, kuti nsonga za timatabwa zipeze pogona ndi pokhomera mapini.

Wosema wa ku Kabwata: Ine ndikanakhala inu, achimwene, ndikanangotenga chipika chimodzi cha mukwa n'kusema thupi lonse. Sabata isanathe chombo chili patebulo. Zomatamata zochuluka chonchi ndalama yake ituluka?

Kalipentala wa ku Kalingalinga: Ndinamuuza zomwezo, anakana. Akufuna mizere ya matabwa izioneka ngati pa chombo chenicheni. Analipira kale theka, ndiye ndilibe pothawira.

Mayi wa mamodelo, Chelstone: Zimene anena a mdala ndi zoona, koma pali china chachikulu. Ine ntchito yanga ndi timamodelo ta nyumba ta anthu ojambula mapulani, koma zombo ndinapangapo. Achimwene, timatabwa tanu tonse ndi ta mamilimita 5 kuyambira kumchira mpaka kumutu, eti? Ndiye taganizani. Nthiti yapakati ndi yaikulu, yakumutu ndi yaing'ono, koma timatabwa todutsa ponsepo ndi tomwe tomweto. Tikwana bwanji? Tikusowa malo, n'chifukwa chake mukutikankhira m'mbali, ndipo thabwa lafulati limalola kupindika cha kunkhope koma cha m'mphepete limakana. Likakana limadzuka kapena kuthyoka.

Dulani timizere ta pepala. Kamodzi mukagoneke pa nthiti yapakati kuchokera pamsana mpaka pamwamba pomwe pakuthera thupi, mulembe ndi pensulo, muyeze. Tinene kuti mwapeza masentimita 10. Gawani ndi mamilimita 5, ndiye kuti mbali imodzi ikufuna timatabwa 20. Tsopano yezani nthiti ina iliyonse chimodzimodzi n'kugawa ndi 20. Ngati ina yakumutu yakupatsani masentimita 7, pamenepo kathabwa kalikonse kakhale mamilimita 3.5. Yotsatira ikapereka masentimita 5, kakhale 2.5. Manambalawo muwalembe pa nthiti zenizenizo, timizere 20 pa iliyonse, kuti muziona msanga mukayamba kusochera. Kathabwa kalikonse muzikasongola ndi puleni yaing'ono kapena mpeni wakuthwa ndi rula yachitsulo, mbali imodzi yokha, yakumwamba. Mbali inayo isiyeni yowongoka.

Musasongole kupitirira theka. Kathabwa kothera pa nsonga ngati singano sikagwira ndipo amisiri a zombo zenizeni sankachita zimenezo, chifukwa nsonga yotere ilibe pokhomera msomali. Masamu akakupatsani zochepera 2.5, timatabwa tiwiri tithere pa nthiti imodzi ndipo kamodzi kapitirize m'malo mwa tonse tiwiri. Kumchira mupeza zosiyana, malo amachuluka pansi pafupi ndi chiwongolero, ndiye mumalowetsa kathabwa kowonjezera kopapatiza mbali imodzi, kotambalala mbali inayo.

Kalipentala wa ku Kalingalinga: Amayi, apa mwanditsegula maso. Nanga zoviika m'madzi zija ndisiye?

Mdala wa ku Matero: Chimene chimafewetsa thabwa ndi kutentha, madzi amathandiza kuti kutenthako kulowe mkati komanso kuti lisapse. Kuviika usiku wonse m'madzi ozizira ndi kutaya nthawi. Viika m'madzi owira kanthawi kochepa, kenako pinda pa chitsulo chotentha. Ngati muli malaiti, chitsulo chowotcherera mawaya chimagwira ntchito. Ngati azima, tenga paipi yachitsulo, mbali imodzi uike pa mbaula, inayo uipanikize pa benchi. Ukadonthezapo madzi n'kumva tsii, yapsa mokwanira. Yendetsa kathabwa pa paipiyo pang'onopang'ono, zala zizimva kakuvomera. Usakamate kali konyowa. Kapanire pamalo pake ndi mapini, zopanira zovala ndi malegeni, kaume kaye, mawa lake ndiye uike guluu woyera uja wa matabwa. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno guluu akuuma msanga, uzipaka nthiti zochepa nthawi imodzi.

China: ukaika kamodzi kumanja, ika kena kumanzere. Ukamaliza mbali imodzi yonse kaye, msana wa pulayiwudi wa mamilimita 4 ukokedwa, chombo chituluka ngati nthochi.

Mnyamata wa pa Buseko: Akulu, ine ndimagulitsa matabwa, ndingoonjezapo za mukwa. Ubwino wake sufota kwambiri ukauma, ndiye mvula ikayamba mu Novembala chombo sichidzatseguka mipata. Koma si thabwa lililonse la mukwa limene lili ndi mitsempha yowongoka. Lina mitsempha imapotana, lokongola pa chitseko, koma mukalicheka mamilimita 2 mtsempha umatulukira pambali ndipo pomwepo ndi pothyokera. Bwerani musankhe lowongoka, ndipo mupewe loyera lakunja lija, limadyedwa ndi tizilombo. Mukusi musauyese n'komwe, ndi wolimba kwambiri pa ntchito yopinda.

Mayi wa mamodelo, Chelstone: Komanso mamilimita 2 a mukwa ndi ambiri. Ine ndikanakuta kawiri. Koyamba ndi paini wa mamilimita 1.5, wosavuta kupinda, mipata n'kutseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, n'kupala mpaka kusalala. Kachiwiri ndi veniya wa mukwa wa theka la milimita kapena kuposerapo pang'ono, ameneyo amadulika ndi mpeni ndipo amagona yekha. Masamu a pepala aja muchite pa zonse ziwiri, koyambako kukhale kophunzirira.

Mphunzitsi wopuma, Chilenje: Pepani amisiri, ine si kalipentala, ndinalowa m'gulu lino chifukwa cha mipando ya kutchalitchi, koma mbiri ya chombochi ndimaikonda. Musanavutike ndi mukwa mpaka pansi, dziwani kuti Cutty Sark sichinkaoneka mtundu wa thabwa. Anachimanga ku Dumbarton ku Scotland mu 1869, nthiti zachitsulo, matabwa pamwamba pake, teak kumtunda ndi elm kumunsi. Kumtunda anapaka penti wakuda. Kumunsi kolowa m'madzi anakutako timalata ta Muntz, chitsulo chosakaniza kopa magawo 60 ndi zinki magawo 40, kuti nyongolotsi za m'nyanja zisaboole ndiponso ndere zisamere. Mtundu wake ndi wachikasu, si wofiira ngati kopa wathu wa ku Copperbelt. Ndiye ngati bwanayo akufuna chenicheni, theka la thupi libisika.

Mumufunsenso kuti akufuna cha chaka chiti, chifukwa milongoti inasintha. Poyamba chinkanyamula tiyi kuchokera ku China, ulendo woyamba mu 1870. Koma ngalande ya Suez inatsegulidwa mu Novembala 1869, mwezi womwewo chombochi chinalowa m'madzi, ndipo sitima za nthunzi zinalanda malonda a tiyi. Mu 1880 anafupikitsa milongoti, kenako chinatchuka ndi ubweya wa nkhosa wa ku Australia, makamaka pamene ankachiyendetsa Richard Woodget kuyambira 1885. Mu 1895 anachigula Apwitikizi n'kuchitcha Ferreira, ndipo mu 1916 chinathyoka milongoti kufupi ndi Cape Town, n'kusinthidwanso matanga. Mapulani anuwo ndi a nthawi iti?

Wosema wa ku Kabwata: Aphunzitsi, mukufuna munthu agule mukwa, avutike kuusongola, kenako aupake penti wakuda? Ameneyo ndi mlandu. Makasitomala amene timawaona ife pa msika wa Lamlungu wa ku Arcades mu Lusaka amagula ndi maso, akufuna aone thabwa likuwala ndi vanishi.

Mdala wa ku Matero: Nonse mukunena zoona, koma wolipira ndi bwanayo. Umuonetse zidutswa ziwiri, china cha vanishi china chakuda, asankhe yekha ndipo akulembere pa foni kuti mawa asadzakane. Akasankha chakuda, paini yekha akwana, mukwa usungire pansi poyendapo anthu ndi choikapo chombo. Penti wopyapyala sabisa mizere.

Kalipentala wa ku Kalingalinga: Akuluakulu, ndabweranso. Ndinachotsa zonse, ndinapala nthiti, ndinalemba timizere. Kwa ine yapakati yapereka masentimita 10 ndi pang'ono, ndiye ndakhala pa 21. Ndayamba ndi paini monga ananenera amayi. Timatabwa tikugona tokha, ngakhale pini sindikukhoma mwamphamvu. Paipi ya pa mbaula inandiwaulira tiwiri toyamba, panopa ndikuichotsa pamoto kaye. Bwana wasankha mukwa wa vanishi kumtunda ndi chachikasu kumunsi. Aphunzitsi, pa mapulani palembedwa 1870. Tsopano timalatato ndipange ndi chiyani?

Mayi wa mamodelo, Chelstone: Funsani kwa okonza mainjini timapepala topyapyala ta chitsulo chachikasu cha brass tija amatsekera mipata, tomwe timadulika ndi sizasi. Pa sikelo yanu kamodzi ka timalatato ndi pafupifupi mamilimita 12 ndi 3.5. Musadule kamodzikamodzi, mukalamba. Dulani mizere yaitali, mudinde malire ndi kumsana kwa mpeni, muyambire kumchira pamsana kupita kutsogolo ndi kumtunda. Misomali musaionetse, pa 1:100 siingaoneke.

Wosema wa ku Kabwata: Chabwino, ndagonja. Koma kumutu kwa chombochi kuli chifanizo cha mkazi wotambasula dzanja atagwira mchira wa hatchi. Chimenecho musayese ndi tchizulo yanu ya zitseko, achimwene. Nditumizireni muyeso, ndikusemerani pa jakaranda.

Kalipentala wa ku Kalingalinga: Pa pulani chikutuluka masentimita osakwana atatu. Mukwanitsa?

Wosema wa ku Kabwata: Ndolo za njovu zimene ndimasema ndi zazing'ono kuposa pamenepo. Mubwere Loweruka ndi pulaniyo, mtengo tikambirana pamaso.