Group 1 ndi Group 7 zikundisokoneza, bwanji zikuyenda mosemphana?

Tadala_F4

Abale ndithandizeni pa chemistry apa mutu waima. Ndili fomu 4 ndipo MSCE ili pakhomo. Mu notsi mwathu analemba kuti pa periodic table, tebulo la ma element lija, ku Group 1 ukamatsika, kuchoka pa lithium kupita sodium kenako potassium, reactivity (changu chochita reaction ndi zinthu zina) ikukwera, chabwino ndinaloweza. Tsamba lotsatira akuti ku Group 7 ukamatsika reactivity ikuchepa, fluorine ndiye wolusa iodine ndi wofatsa. Ndiye zikutheka bwanji tebulo lomwelo, kutsika komweko, koma zotsatira zotembenuka? Nditafunsa mkalasi anangoti loweza basi, koma ine zoloweza zimandithawa ndikangokhala pansi mu holo ya mayeso. Labu yathu ilibe olo kachidutswa ka sodium, zonse timangomva ngati nthano.

Mphunzitsi_wopuma

Mwana wanga, wafunsa bwino. Chifukwa chake nchimodzi mbali zonse ziwiri, chosiyana nchakuti a Group 1 akufuna kutaya electron pomwe a Group 7 akufuna kutola.

Lemba ma electron kaye, mzere (shell) ndi mzere kuyambira mkati kupita kunja. Lithium 2,1. Sodium 2,8,1. Potassium 2,8,8,1. Onse ali ndi kamodzi kunja ndipo ntchito yawo nkukataya. Ndiye taganiza anthu akuwotha moto mu June, moto ndi nucleus (pakati pa atom pomwe pali ma proton), anthu ndi ma electron, akhala mizere mozungulira. Amene ali mzere wachiwiri akumva kutentha, sachoka msanga. Koma wa mzere wachinayi moto uli kutali komanso misana ya anzake yamutchinga, munthu akangomuitana pang'ono amanyamuka osacheuka. Electron ya potassium ndi imeneyo, nchifukwa chake imachoka mosavuta kuposa ya lithium.

Tsopano pita ku Group 7. Fluorine 2,7, chlorine 2,8,7. Awa mzere wakunja watsala malo amodzi, akufuna kukoka wodutsa kuti adzakhale. Kwa fluorine malowo ali pafupi ndi moto, wodutsa akopeka nthawi yomweyo. Kwa iodine malowo ali mzere wachisanu uko kozizira, angakopeke ndani msanga? Mtunda womwe ukuthandiza potassium kutaya ndi womwewo ukulepheretsa iodine kutola.

Ine ndinkawaonetsa ana ndi beseni la madzi. Zitsulozi timazisunga mu mafuta kuti zisakhudzane ndi mpweya kapena chinyezi, ndipo nzofewa moti umadula ndi mpeni, pomwe wadulapo pamawala kenako pamazilala ukuona. Lithium amangoyandama nkumatulutsa thovu modekha. Sodium amasungunuka kukhala kampira nkumathamanga pamadzi uku akulira kuti tsiii. Potassium ndiye amayaka ndithu, moto wa mtundu wa lilac, ana a kutsogolo onse ankabwerera mmbuyo ndi mipando yomwe. Zonse zitatu zikutulutsa hydrogen nkusiya hydroxide mmadzimo, ukaviika red litmus imasanduka blue.

Tadala_F4

Zikomo kwambiri aphunzitsi, za moto zija zalowa. Koma pepani ndifunsenso, potassium ili ndi ma proton 19 lithium 3 okha, ndiye moto wa potassium siwaukulu? Sikuyenera kukoka kwambiri?

Mphunzitsi_wopuma

Waukuludi, koma werenganso otchinga. Pa potassium ma electron 18 ali pakati, pa lithium awiri okha. 19 kuchotsa 18 yatsala 1, 3 kuchotsa 2 yatsalanso 1. Nkuwerengera kwachidule koma kukuonetsa kuti chikoka chofika kunja sichikusiyana kwenikweni, chomwe chakula ndi mtunda. Pa mayeso utchule zonse ziwiri, atomic radius (mtunda uja) ndi shielding (kutchinga kuja), ana ambiri amalemba chimodzi nkutaya malikisi.

Nachisale_wa_labu

Ndiwonjezereko mbali ya Group 7 poti ndi yomwe ndimagwira. Ukafuna umboni woti chlorine amaposa bromine, thira madzi a chlorine mu potassium bromide, madzi oyera aja amasanduka orange chifukwa bromine wathamangitsidwa pamalo pake. Ukatembenuza, kuthira bromine mu potassium chloride, palibe chichitika. Funso la displacement, kuthamangitsana kumeneku, limakonda kubwera ndiye ligwire.

Komanso usasokoneze reactivity ndi melting point, izi zimayenda payokha. Ku Group 7 ukamatsika zimalimba, fluorine ndi chlorine ndi mpweya, bromine ndi yamadzi yofiirira, iodine ndi timibulu takuda tomwe ukatenthetsa timatulutsa utsi wa purple. Ku Group 1 ndi kwina, lithium imasungunuka cha pa 180°C, sodium 98, potassium 63, caesium cha pa 28 moti ku Nsanje mu October ingasungunuke yokha.

Ndipo usaone ngati zinthuzi zili kutali poti labu yanu ilibe. Chlorine ndi uja timathira mmadzi nthawi ya kolera. Mchere wa mkhitchini ndi sodium ndi chlorine atapatsana electron ija, mmodzi wataya wina watola, nkhani yonse ya aphunzitsi ili mu ndiwo zako. Iodine amamuika mu mchere womwewo kuti tipewe chithokomiro.

Bambo_a_Yamikani

Ine sukulu ndinasiya kale koma iyi yandikumbutsa agogo anga akucheza chidulo, phulusa mu kachitini kobowola pansi, kuthira madzi nkumadontha pang'onopang'ono kuti aphikire therere. Zomwe zimafewetsa masambazo ndi potassium carbonate wa mphulusamo. Dzina loti potassium lomwe linachoka ku potash, phulusa la mu mphika, ndipo wasayansi wa ku England Humphry Davy anachipatula chitsulocho koyamba mu 1807 pogwiritsa ntchito magetsi, sodium nayenso chaka chomwecho. K wa pa thumba la feteleza wa NPK ndi yemweyu.

Chimene chimandidabwitsa mpaka lero ndi Mendeleev, wasayansi wa ku Russia amene anasanja periodic table. Mu 1869 munthu sakudziwa nkomwe za ma electron koma anasanja tebulo poona khalidwe lokha, nkusiya mipata kuti apa pali chinthu sichinapezeke, gallium nkudzapezekadi mu 1875 germanium mu 1886 zikufanana ndi zomwe ananena. Iodine anamuika pambuyo pa tellurium ngakhale tellurium ndi wolemererapo, poti anaona kuti iodine ndi m'bale wake wa chlorine ndi bromine basi.

Nachisale_wa_labu

Tadala chenjera ndi density, kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake, ambiri amalemba kuti imangokwera ku Group 1. Potassium ndi wopepuka kuposa sodium, 0.86 pomwe sodium ndi 0.97, ndiye uzilemba kuti generally increases.

Tadala_F4

Eee ndajambula ma shell onse pa kope ndipo zikuoneka zokha. Ndayeseranso Group 2, magnesium 2,8,2 calcium 2,8,8,2, ndiye calcium ndi amene achite changu mmadzi eti? Mawa ndikawafotokozera anzanga ku study circle, sodium woika mu beseni tilibe koma mbaula ilipo.